Akapitawo m'Chitenje cha Azakhali

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinene poyambirira kuti tisadzakangane kutsogoloku. Amene amagula salaula, zovala za kaunjika, patebulo langa kuno ku Matero akudziwa kuti ukanyoza diresi langa ndimakuyankha usanatseke pakamwa. Amayi amati khalidwe limeneli ndinatengera azakhali, alongo awo aakulu a bambo, okhala kukomboni ya George. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa mbama, chifukwa ngati panali munthu amene sindinkafuna kufanana naye, anali azakhaliwo.

Agogo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno kalekale, ndipo miyambo yonse imene anabwera nayo inakathera m'manja mwa azakhali. Pa ukwati, azakhali. Mwana akabadwa, azakhali. Pa maliro ndiye usanene, ngakhale abusa ankayamba ayang'ana nkhope yawo asanatsegule Baibulo. Ndili mtsikana anandibweza pageti chifukwa ndinavala thalauzi, ndipo ine ndinawayankha zimene sindingalembe pano. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pakamwa.

Amayi anga ali ndi matenda a shuga kuyambira ndili kusukulu. Kenako panabwera BP. Tsiku lina anachita chizungulire kutchalitchi, tinapita nawo kukiliniki, ndipo anamwino anatikhazika pansi ine ndi bambo. Anati shuga samangokhala m'magazi, amawononga mitsempha mwakachetechete, ndipo umene umavutika pamapeto ndi mtima. Anatenga foni imene ndinawagulira amayi n'kuikamo kapulogalamu kena ka zaumoyo, ife tinakagula kamakina kopimira BP komanga pamkono.

Kapulogalamuko kanali ndi ntchito, inu! Nthawi ya mankhwala ikakwana kankalira n'kuonetsa chithunzi cha piritsi. Nthawi yopima, chithunzi cha mtima. Amayi akakhalitsa pansi, kankaonetsa kamunthu koyenda. Ukapima n'kulembamo manambala, kankayankha ndi mtundu: wobiriwira zili bwino, wachikasu chenjera, wofiira thamanga. Bambo, amene anagwira ntchito kufakitale mpaka kupuma, anangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Awa ndi akapitawo. Ndinawathawa kuntchito, andipeza kunyumba." Dzina linakhala lomwelo.

Koma kunena zoona, amene ankamvera akapitawo kwambiri anali bambo omwewo. Amayi foni ankaiiwala pa mbaula, pa zenera, tsiku lina m'dengu la tomato. Bambo ndiwo ankayenda nayo m'thumba la malaya. Ikalira ankakuwa ali pakhonde, "Amake mwana, akapitawo ayankhula!" M'mawa uliwonse ankatuluka awiri, kudutsa pampopi, kukafika kumsewu wa tala n'kubwerera, bambo patsogolo manja kumbuyo, amayi pambuyo akudandaula za mawondo. Anyamata a pamalo okwerera mabasi ankawaseka kuti mdala wayambanso chibwenzi. Tiyi wa bambo naye anasiya kuthiridwa shuga, ati kuti mnzawo asamasirire. Manambala a amayi anatsika, mapazi anasiya kutupa, ndipo ine ndinayamba kugona tulo.

Ndiye m'nyengo yozizira bambo anadwala masiku ochepa chabe, n'kutisiya. Munthu amene sankamwa ngakhale piritsi la mutu. Ife tonse maso anali pa amayi, imfa inalowera khomo lina.

Maliro a mukomboni mukuwadziwa. Mipando yonse inatulutsidwa panja, azibambo anakhala pansi pa tenti mozungulira moto wa zikuni, azimayi anadzaza m'nyumba pansi mpaka kukhitchini. Azakhali anayamba kulira ali kumsewu, analowa akugwa, anthu akuwagwira. Atangopukuta misozi anayamba kulamula. Amayi anaikidwa pakona pa matiresi, anafunditsidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi, azakhali anakhala pambali pawo ngati chitseko. Wamasiye sayankhula mokweza. Wamasiye sayenda yekha, ngakhale kuchimbudzi amaperekezedwa. Wamasiye sadzitengera chakudya, amadya chimene wapatsidwa. Zonsezi ndinkazidziwa, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina wamasiyeyo adzakhala mayi wanga wa shuga.

Foni inali ndi ine, pamodzi ndi kachikwama ka mankhwala ndi kamakina kaja. Masana a tsiku loyamba, amayi a chigwirizano ali pakati pa nyimbo, akapitawo analira. Kulira kwake kosangalala kuja, ngati kuli phwando. Nyimbo inadukiza, mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinakwawa kupita pakona ndi kachikwama, ndisanafike azakhali anatambasula dzanja.

"Bweretsa."

"Azakhali, ndi nthawi ya mankhwala a amayi."

"Ndati bweretsa. Wamasiye sagwira foni. Ndi kachikwamako komwe. Zonse za wamasiye zimakhala ndi ine."

"Mukudziwa kuti amayi akadumphitsa mankhwala..."

"Iwe mwana, pano pali maliro a mlongo wanga, si pamsika pako."

Ndikanakhala pamsika ndikanawaonetsa, koma bambo anga anali chigonere kumotchale, ndipo amayi pansi pa chitenje sanagwedezeke. Ndinapereka. Azakhali analowetsa foni m'chiuno, m'mapindo a chitenje chawo, kachikwama anakakhalira. Ndinatuluka kuseri kwa nyumba kumene azimayi ankatsuka mbale, ndinakankha ndowa ndi mwendo, madzi mbwee. Mayi wina woyandikana nafe anandigwira mkono n'kunena m'Chinyanja chathu cha mtauni, "Iwe, leka. Ni mwambo chabe, vizasila." Ndinamuuza kuti mwambowo ukatha udzapeza amayi anga atatha kale.

Masiku otsatirawo ndinali wothamanga, poti mwana woyamba ndine. Kumotchale, kwa opala bokosi, kutchalitchi, kukalandira achibale ochokera kutali. Koma ndikangolowa m'nyumba maso anga ankathamangira pakona, ndipo zimene ndinkaona zinkandiwiritsa magazi. Anthu athu akafuna kupepesa munthu amamudyetsa. Uyu wabwera ndi tiyi wamkaka, shuga wake woti supuni n'kuima. Uyu mabanzi. Uyu botolo la chakumwa chozizira, ati amayi apeze mphamvu. Chilichonse azakhali ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuchilowetsa pansi pa chitenje cha amayi, iwonso n'kulowetsa mutu wawo momwemo ngati akunong'oneza mawu achitonthozo. Pakapita kanthawi kapu inkatuluka yopanda kanthu. Ndinkaluma mlomo mpaka kumva mchere.

Ndiye panali za kuchimbudzi. Chimbudzi chathu chili pomwepo kuseri, koma azakhali ankati chadzaza anthu, wamasiye sangaime pamzere. Ankawadzutsa amayi, kuwagwira mkono, n'kutuluka nawo pageti kupita kwa mayi wina wa mumpingo amene amakhala kuseri kwa tchalitchi. Ulendo wake wautali ndithu, ndipo osati kamodzi patsiku. Ndinkawaona akubwerera pang'onopang'ono, amayi chitenje kumutu, fumbi kumapazi. Ndinati mayi uyu alibe chisoni, munthu wofedwa n'kumamuzunguza komboni yonse ngati mbuzi yogulitsa.

Tsiku lina ndinapeza mpata ndinagwada pafupi. "Amayi, mankhwala mwamwa?"

Anayankha ndi azakhali. "Wamasiye safunsidwa mafunso."

Dzanja la amayi linatuluka pansi pa chitenje n'kufinya langa. Ine ndinamva ngati akuti ndipulumutse, ndipo ndinalumbira mumtima kuti tikangoika bambo, azakhali adzatuluka pageti lathu osadzalowanso.

Tsiku loika linafika. M'mawa kunali kozizira kwambiri, mabasi anali atafika kale panja, amayi a chigwirizano atavala yunifolomu akuyeserera nyimbo. Ine ndinali pakhonde kukangana ndi dalaivala wina pamene ndinamva dzina langa. Anali azakhali, ndipo mawu awo sanali aja olamula.

"Lowa muno. Fulumira."

Ndinagwada pakona. Anakweza chitenje cha amayi n'kundikokera mkati, tinakhala mitu itatu pansi pa nsalu imodzi. Zimene ndinaona m'menemo sindidzaziiwala. Kamakina kaja kanali komangidwa pamkono wa amayi. Kachikwama kanali kotsegula, mapiritsi atachepa monga mmene ankayenera kuchepera. Foni inali m'manja mwa azakhali, yoyaka, ndipo inali yofiira. Amayi anali thukuta kamukamu, kuzizira konse kuja.

"Masiku onsewa akapitawo akhala akuonetsa mtundu wa masamba," azakhali ananong'ona. "Dzulo madzulo wachikasu. Lero ndapima kawiri, kawiri konse mtundu wa magazi, ndipo akulemba Chingerezi chambiri. Ine Chingerezi chotere sindichitha. Werenga."

Ndinafuna kufunsa zambiri, koma azakhali anandigunda ndi chigongono. Foni inkafunsa mafunso, ine ndinkawamasulira. Kodi mukutuluka thukuta? Kodi mpweya ukuchepa? Kodi mukumva nseru? Kodi nsagwada, mkono kapena msana zikupweteka?

"Ndi chisoni chabe, alamu," amayi anatero ndi mawu otsika. "Pachifuwa sipakupweteka n'komwe."

"Sindinafunse za pachifuwa. Mwanayu wati nsagwada," anatero azakhali.

Amayi anagwira tsaya. "Kuyambira m'bandakucha. Ndi mkono uwu ukulemera."

Ndinadina mayankho. Foni inalemba kuti anthu a shuga nthawi zina mtima umawadwalira popanda ululu wa pachifuwa, ndipo munthu wa zizindikiro zotere apite kuchipatala nthawi yomweyo, asadikire. Ndinawerenga mokweza pang'ono kuposa mmene ndinkafunira, azimayi oyandikira anamva.

Amayi anagwira dzanja la azakhali. "Alamu, chonde. Ndiyambe ndaika mwamuna wanga. Ndikaponye dothi, ndikaike maluwa, kenako mupite nane kulikonse kumene mukufuna."

Azimayi aja anayamba kuthirira ndemanga. Wina anati ndi mtima wa chisoni, akakalira kumanda udzamasuka. Wina anati apatsidwe chakumwa chotsekemera. Wina anathamanga panja, ndipo posakhalitsa pakhomo panaima mkulu wina wa kuchimuna, msuweni wa bambo, chipewa m'manja. Anayankhula mwaulemu ndithu. Anati foni ndi foni, singadziwe za maliro. Anati mwamuna saikidwa mkazi wake palibe pamene mkaziyo ali moyo ndipo akuyenda, anthu adzati chiyani, mwambo sulola.

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa. Koma azakhali anaimirira, ndipo chitenje chija chinagwa, amayi anaonekera poyera ndi kamakina kawo pamkono.

"Mwambo mukuuza ine?"

Mkulu uja anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa, mwambo mukuuza ine? Amene ndakhala pakona pa maliro a m'banja lino kuyambira inu musanamere ndevu? Mwambo unandiika pano kuti ndisunge wamasiye. Sunandiike kuti ndimuperekeze kwa mwamuna wake. Ine maliro awiri sabata imodzi sindikonza. Galimoto ija mwakonzera akuluakulu ibwere pakhomo pano, akuluakuluwo akwere basi."

Azakhali anatembenukira kwa amayi, amene tsopano ankalira, n'kugwada. Sindinawaonepo azakhali akugwadira munthu.

"Alamu, uyo wapita kale, sathawa. Manda ake mudzawapeza pomwepo, ndidzakuperekezani ndekha. Koma mukapita lero, mukagona naye komweko, ndipo ana awa adzandifunsa ine."

Kenako kwa ine, mawu aja olamula atabwerera: "Iwe, pita ndi amako. Bambo ako ndinamubereka kumsana ine. Ndikamuika."

Ndinkafuna kuona nkhope ya bambo komaliza, Mulungu akudziwa. Koma ndinanyamula kachikwama, tinawakweza amayi m'galimoto, ndipo tinadutsa pakati pa mabasi a maliro athu omwe kulowera kuchipatala chachikulu cha mtauni.

Kumeneko sanatichedwetse. Nditangonena kuti ndi a shuga ndi kuonetsa zimene zinali mufoni, anawalowetsa, anawamata timawaya pachifuwa, anawatenga magazi. Dokotala anabwera pambuyo pake n'kundiuza kuti mtsempha wina wopita ku mtima unali utayamba kutsekeka, ndipo tachita bwino kubwera msanga. Anayang'ana manambala a masiku onse a maliro mufoni muja n'kufunsa kuti ankawapima ndani mosadumphitsa chonchi. Ndinati azakhali anga. Linali tsiku loyamba kutchula mawu amenewo popanda kukwinya nkhope.

Masana amayi atapeza mpweya anandifotokozera zonse, ali chigonere, botolo la madzi likudontha pamkono. Anati tsiku loyamba lija, ine nditangotuluka kukakankha ndowa, azakhali analowetsa mutu pansi pa chitenje n'kufunsa, "Alamu, kanthu aka kamafuna chiyani? Ndiuzeni zonse, mlongo wanga ankatani?" Amayi anawaonetsa piritsi, mtima ndi kamunthu koyenda, anawaonetsa pomanga kamakina ndi polemba manambala, anazimitsa kulira kuti foni izingonjenjemera. Ndiye chifukwa chake azakhali ankaisunga m'chiuno. Ikanjenjemera, azakhali ankadziwa kuti akapitawo ayankhula, ndipo m'nyumba monse palibe wina ankamva.

"Nanga tiyi uja?" ndinafunsa.

Amayi anaseka mpaka kamakina ka pambali pa bedi kanalira. "Ankamwa okha! Kapu iliyonse, botolo lililonse. Mabanzi ankabisa m'chikwama chawo n'kukapatsa ana panja. Ine ankandipatsa madzi ndi chakudya chimene anauza mtsikana wakukhitchini kuti aziphika padera. Ankati munthu wabwera kudzapepesa sungamubwezere kapu yodzaza, achita manyazi. Usiku mimba yawo inkalira ngati chigayo."

"Ndi chimbudzi cha kuseri kwa tchalitchi?"

"Kamunthu koyenda kaja. Akanati tikukawongola miyendo, anthu akanati wamasiye akuyendayenda mwamuna wake asanaikidwe. Koma kuchimbudzi ndani angaletse? Tinkadutsa pampopi, njira yomwe ija ya bambo ako."

Ndinatuluka panja pa wodi ndinakalira ndekha, kulira kwa bambo ndi kwa zina zomwe sindinkadziwa dzina lake. Mkazi ameneyu sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi pamaso pa anthu masiku onse aja. Wamasiye sanagwire foni, sanayende yekha, sanabweze kapu ya munthu. Ndipo piritsi ngakhale limodzi silinadumphidwe. Ine ndi ukali wanga ndikanakangana ndi nyumba yonse tsiku loyamba, ndikanathamangitsa amayi a tiyi, ndipo pofika tsiku loika palibe akanandimvera. Azakhali anasunga mawu awo mpaka tsiku limene anafunika, ndipo atawatulutsa ngakhale amuna a pa tenti anakwera basi.

Dzuwa litapendeka foni ya amayi inanjenjemera. Sanali akapitawo, anali msuweni wanga atatumiza kanema wa kumanda. Ndinazengereza, koma amayi anati, "Ndionetse." Ndinawagwirira foni pafupi ndi nkhope.

Manda anali atakwiriridwa kale. Woyendetsa mwambo ankaitana oika maluwa, ndipo monga mwa nthawi zonse anayamba ndi mkazi wa malemu. Anaitana kamodzi, palibe anatuluka. Zikuoneka kuti palibe anamuuza. Anaitananso. Pamenepo azakhali anatuluka pagulu, anatenga maluwa amene anakonzera amayi, anayenda okha mpaka pamutu pa manda. Anagwada, anawaika, ndipo anayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mlongo wanga, mkazi wako usamuyang'ane pagulu pano, palibe. Ndamubisa ine. Unamusunga bwino, ntchito yako ndaiona, ndailandira. Iwe gona. Ukamufuna msanga, uyambe wadutsa pa ine."

Amayi anaonera mpaka kumapeto, anati ndibwezerenso, anaoneranso. Sanalire mokweza. Anangoika dzanja pa foniyo n'kutseka maso.

Nthawi yoona odwala itakwana azakhali analowa mu wodi, fumbi lofiira la kumanda likadali kumapazi, maso otupa. Sanandipatse moni, inenso sindinayembekezere. Ndinaimirira n'kuwapatsa mpando wanga, anakhala. Anayang'ana botolo la madzi, anayang'ana timawaya, anayang'ana amayi.

"Tamuika bwino, alamu," anatero.

Amayi anagwedeza mutu.

Kenako foni inanjenjemera pa kabati, chithunzi cha piritsi chinayaka. Ndinatambasula dzanja, koma azakhali anali atafika kale. Anaiyang'ana, anaitana anamwino kuti afunse ngati piritsi la nthawi imeneyi likumwedwabe kapena madokotala asintha, ndipo atayankhidwa anathira madzi m'kapu. Anakweza mutu wa amayi ndi dzanja limodzi.

"Amake mwana," anatero, "akapitawo ayankhula."